Malume Anga Ndi Anthu Asanu

Malume anga ndi anthu asanu.

Musaseke, awerengi. Sindikunena za mizimu kapena za mankhwala ayi. Ndikunena za masamu a anthu ophunzira, aja amakhala m'maofesi ozizira ku Lilongwe n'kumawerenga kuti m'dziko muno anthu a mafoni alipo angati.

Lachitatu lapitali ndinali mu minibasi, kuchoka paboma pano kupita kumaliro kwathu kwa Mavwere. Pawailesi ya dalaivala bambo wina wa mawu onona ankafotokoza kuti manambala a foni olembetsedwa akhala akuchuluka chaka ndi chaka, kuyambira nthawi ija foni inali ya mabwana okhaokha mpaka lero. Anati chimenechi ndi chitukuko. Anati Amalawi tsopano ndife olumikizana. Kondakitala anagwedeza mutu kuvomereza, foni ina ili kukhutu, ina ikulira m'thumba.

Nane ndinavomereza. Ndikanakana bwanji? M'thumba mwangamo munali foni ya masimu awiri, ndipo m'mawa womwewo ndinali nditaigwiritsa ntchito yaikulu kwambiri. Kapena ndinene kuti ndinkaganiza choncho.

Koma tiyambe ndi malume.

A Binwelo ndi mlongo wawo wa malemu amayi anga. Amakhala kufupi ndi boda, ndipo ntchito yawo ndi kugula mtedza ndi soya kuno n'kugulitsa kwa anzathu a ku Chipata. Foni yawo ndi kaja ka mabatani, komangidwa ndi mphira chifukwa chivindikiro chake chinathyoka kalekale. Kamalowa masimu awiri. Koma malume ali ndi masimu asanu.

Yoyamba ndi ya kampani ina ya kuno, yolankhulira ndi akazi awo, chifukwa ili ndi bandulo yotchipa. Yachiwiri ndi ya kampani inzake ya konkuno, imene iwo amati imagwira bwino kukachita mitambo. Anawauza ndani zimenezo, ine sindidziwa. Yachitatu ndi ya ku Zambia, ya ogula mtedza. Yachinayi ndi ya ku Zambianso, chifukwa yachitatu ija ikafika paphiri lina kutsidyako imayamba manyazi. Yachisanu anailembetsa chaka china atamva mphekesera yoti olandira feteleza wotchipa azidzauzidwa pafoni. Uthengawo sunabwere mpaka pano, koma kutaya simuyo akuopa, mwina ubwera mawa.

Masimu awiri amakhala m'foni. Atatu otsalawo amagona m'bokosi la machesi, m'thumba la malaya. Ogona ndi ogwira ntchito amasinthana malinga ndi bizinesi ya tsikulo.

Ndiye owerenga aja akamawerenga, malume amawapeza katatu ku Malawi, kawiri ku Zambia. Munthu mmodzi, wa patapata ndi chipewa chong'ambika, akutukula mayiko awiri payekha. Mendulo sanalandirebe.

Tsopano imvani zimene zinachitika.

Lachitatu lomwelo m'mamawa, amayi anga aang'ono, a Nambewe, dzina lawo lenileni Esitere, anatisiya atadwala masiku ochepa chabe. M'mimba mwa agogo anga munatuluka ana asanu ndi mmodzi, ndipo otsala anali awiri okha, a Nambewe ndi a Binwelo. Inu a kuno mukudziwa kuti mlongo wa malemu si mlendo pamaliro. Ndiye mwini mbumba. Ndiye woyamba kuuzidwa, ndiye amalankhula ndi adzukulu okumba manda, ndiye amalowa m'nyumba ya siwa kukaona nkhope ya mlongo wake bokosi lisanakhomedwe. Ena tonsefe tikhoza kuchedwa, koma iyeyo ayi.

Anandiimbira ndi Agata, mwana wamkulu wa malemuwo, akulira.

"Achimwene, amayi atisiya. Muwauze a malume, ine ndayesa sakupezeka."

Awerengi, kuchoka pakhomo panga kukafika paboda, njinga yamoto ya kabaza siitenga ndi theka la ola lomwe. Ndikufuna mukumbukire zimenezi, chifukwa ine m'mawa umenewo sindinazikumbukire. Ndinakhala pampando n'kutsegula foni. M'menemo muli "Malume", muli "Malume Boda", muli "Malume Yatsopano", mulinso "Malume Yatsopano Yeniyeni". Ndinaimba onse anayi. Konseko anandiyankha mayi uja wa mawu aulemu, amene sadwala, sakalamba, sapita kumaliro, kundiuza kuti nambalayo sikupezeka, ndiyesenso nthawi ina.

Ndinalemba uthenga. Imfa sindinaitchule, chifukwa ndinaleredwa bwino, ndipo munthu wamkulu sumuuza za imfa ya mlongo wake ngati ukumuuza mtengo wa soya. Ndinangoti aimbe msanga, pali nkhani yofunika. Ndinatumiza ku manambala onse anayi, foni n'kundiuza kuti uthenga wapita. Kenako ndinavala jekete, n'kukwera minibasi yolowera kum'mawa, boda n'kuisiya kumbuyo kwanga.

Nditafika kumudzi, amuna a malemu, a Kalisito, anandigwira dzanja maso ali psuu.

"Nanga a malume anu, Fanuwelo?"

"Uthenga wapita, bambo."

Ndinayankha chifuwa chili patsogolo, monga munthu wa paboma wodziwa zinthu. Iwo anapuma mwamphamvu, nati zikomo.

Ndipo sindinali ndekha wogwira ntchito yabwinoyi. Msuweni wanga Pilirani anati waflasha katatu. Aphunzitsi a Sande sukulu anaflasha. Mpongozi wina wa kwa Chiosya anaflasha nambala imene malume anaisiya zaka zapitazo, ndipo anamuimbira mayi wina wa ku Kasungu kumufunsa kuti akufuna chiyani kwa mwamuna wake.

Mwambo wa kuflasha mumaudziwa. Umaliza foni ya mnzako kamodzi n'kudula msanga, asanayankhe, kuti mayunitsi ake ndiwo apse, ako akhale. Lamulo lake silinalembedwe paliponse koma aliyense amalisunga: wa kumudzi amaflasha wa m'tauni, mlimi amaflasha wa bizinesi, mwana amaflasha kholo, kholo limaflasha mwana wogwira ntchito. Ndipo munthu akaflasha, mtima wake umakhala m'malo. Mbali yake wachita. Ngati winayo sanaimbe, ndi mwano wake.

Pamene ife tinkaflasha, achinyamata anali ataika kale chithunzi cha malemu pagulu la banja la pafoni, kandulo ali pambali. Msuweni wa ku Joni anadziwa tiyi wake asanazizire, n'kutumiza tinkhope tolira mzere wathunthu. Wa ku Mzuzu anafunsa ngati pakhale chitenje chofanana. Wina amene sitikumudziwa n'komwe analemba pemphero lalitali la m'Chingerezi. Dziko lonse linali litamva. Amene sanamve ndi mwini mbumba yekha, chifukwa kafoni kake ka mabatani sikadziwa za magulu.

Tsiku lonse la Lachitatu funso linali lomwelo, yankho lomwelo.

"A Binwelo auzidwa?"

"Eee, awaimbira."

"Anawaimbira ndani?"

"Ambiri ndithu."

Ndili mwana, dera lathu lonse linalibe foni ndi imodzi yomwe. Lamya inali ku mishoni ndi ku positi ofesi paboma, ndipo ambirife tinakula tisanaigwirepo. Koma masiku amenewo uthenga wa maliro unali ndi miyendo. Akuluakulu ankasankha amuna awiri, kuwapatsa njinga, n'kuwauza kumene akupita. Amunawo akapeza kuti munthuyo kulibe pakhomo, ankamulondola kudimba. Akamusowa kudimba, ankapita kumowa. Akamupeza ankamuitanira pambali, kunyonyomala, n'kumuuza bwinobwino. Ndipo sankabwerera okha. Panalibe woti abwere n'kunena kuti tafika pakhomo pake, tagogoda kamodzi, tathawa.

Kenako mafoni a m'manja anafika. Woyamba amene ine ndinamuona ndi foni anali mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yathu, amene ankaipachika palamba kuti aliyense aione, ngakhale kuti netiweki inkapezeka pachulu chimodzi chokha kuseri kwa zimbudzi za ana. Bambo wolemekezeka, wa tayi, ankakwera chulu masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumakuwa kuti halo, halo. Titatero tinaona amayi a maambulera paboma, oimbitsa foni pakatebulo, anthu ali pamzere, aliyense akumva zinsinsi za mnzake. Amenewonso anatha. Lero wogulitsa mbuzi ali nayo, wowotcha chimanga ali nayo, agogo osaona bwino ali nayo yoti adzukulu awo aziwayankhira. Padenga la udzu pali kasola kotchajira. Mwana asanadziwe dzina la mfumu ya m'mudzi mwake, amadziwa kale kulowetsa mayunitsi.

Musandimve molakwa. Ine si mdani wa foni. Ndaona mayi woyembekezera akupulumuka chifukwa wina anaimbira wa kabaza nthawi yabwino. Ndaona alimi a kwa Chiosya akukana mtengo wa mavenda chifukwa afunsa kaye ku Lilongwe. Madalaivala a mathiraki amene amakhala masiku paboda kudikira mapepala amamvako mawu a ana awo. Zonsezi ndi zoona, ndipo amene akufuna kubwerera pachulu paja abwerere yekha.

Changa n'chakuti, kodi tikuwerenga chiyani? Tikamati manambala achuluka, achuluka ndi anthu opezeka kapena mabokosi a machesi? Munthu amagula simu yachiwiri chifukwa yoyamba siigwira kwawo. Amagula yachitatu chifukwa kuimbira a kampani ina kumaluma. Ife a m'malire timagulanso ya kutsidya, chifukwa ukangoyandikira boda foni yako imayamba kukulandira ku Zambia uli m'munda mwa agogo ako. Simu iliyonse yowonjezera ndi dandaulo. Koma ikafika ku ofesi ija, dandaulolo limalembedwa kuti chitukuko.

Ndipo china chimene owerengawo sangachione n'chakuti foni yatichotsera miyendo. Kale ukatumidwa unkadziwa kuti ntchito yatha ukamuona munthuyo ndi maso. Lero ntchito imatha chala chikadina.

Lachinayi m'mawa malume anali asanafike. Kutentha kwa mwezi uno mukukudziwa, ndipo kumudzi kulibe nyumba yachisoni yoziziritsa. Adzukulu anali atakhala pamakasu awo kudikira mawu. Apa ndi pamene a Nankhoma, tcheya wa amayi a mpingo, mayi wamfupi amene pakamwa pake sipadutsa ntchentche, anatuluka m'nyumba ya siwa n'kuima pakati pa bwalo, manja m'chiuno.

"Pepani azibambo, ndifunse nawo. Pano amene wamva mawu a Binwelo ndi khutu lake ndani?"

Anthu anayang'anana.

"Ndati ndi khutu lake. Osati zoti awaimbira. Amene anamuyankha kuti ndamva, ndikubwera, aimike dzanja."

Pabwalo paja panali mafoni ochuluka kuposa mipando. Dzanja silinakwere ndi limodzi lomwe. Ena anayamba kudina mafoni awo mwachangu ngati yankho libisala m'menemo. A Nankhoma anatembenukira kwa ine.

"Inu a Fanuwelo, si inu mumakhala paboma? Dzulo munadutsa njira iti?"

Ndinachita manyazi, awerengi, manyazi oti mpaka lero ndikamakumbukira ndimamva kutentha m'makutu. Ndinadzuka n'kukafuna njinga yamoto.

Ulendo wake unali womwe uja wa dzulo, koma chobwerera. Ndinadutsa paboma, ndinadutsa pakhomo panga penipeni, mkazi wa neba akuyanika zovala n'kundibayibitsa. Paboda sindinavutike n'komwe. Munthu woyamba amene ndinamufunsa, wosintha ndalama wina, anangoloza ndi mlomo.

Malume anali pansi pa mtengo, kuseri kwa mzere wa mathiraki, atakhala pamatumba awo a mtedza. Foni inali kukhutu, ikugwira bwinobwino, iwo akulankhula Chinyanja cha ku Zambia.

"Nili pa boda, mudala, bwelani chabe. Katundu ilipo."

M'fonimo munali masimu onse awiri a ku Zambia. Kuyambira Lolemba ankadikira wogula wa ku Chipata amene ankangoti ndikubwera, ndikubwera, ndipo malume sanafune kuti munthuyo aimbe n'kuwasowa. Masimu atatu a ku Malawi anali m'bokosi la machesi.

Atandiona anaseka.

"Aa, Fanuwelo! Wasochera? Khala apa, ndikugulire chimanga chowotcha."

Sindinakhale pathumba. Ndinawapempha kuti tipite pambali, ndipo ndinanyonyomala, monga ankachitira amuna a njinga aja. Atangoona ndanyonyomala, kuseka kunatha.

"Malume, kumudzi sikuli bwino. Amayi aang'ono atisiya."

"Esitere?"

"Eya, malume."

Anavula chipewa.

"Liti?"

"Dzulo m'mamawa."

"Dzulo. Iwe unamva liti?"

"Dzulo lomwelo."

"Uli kuti?"

"Paboma."

Anayang'ana msewu wopita paboma, msewu wa phula, wowongoka, njinga zamoto zikungodutsana. Ndikanakonda akanandimenya.

Tili m'njira foni yanga inalira, pakuti yanga ija imagwira paliponse pamene ikubweretsa zoipa. Anali a Kalisito. Anati ayesetsa kudikira koma thupi silikulola, akhoma bokosi. Malume ndinawauza titatsika.

Anafika pabwalo anthu akuimba nyimbo yonyamulira maliro. Anapita molunjika pabokosi, n'kuikapo manja onse awiri.

"Simungatsegule pang'ono pokha? Ndingomuona."

Wamkulu wa adzukulu anawerama.

"Pepani bambo, sizingatheke. Muwakumbukire mmene munawaonera komaliza."

"Komaliza ndinamuona nthawi yokolola," anatero malume. "Ndinali pa changu."

Tinaika maliro dzuwa litapendeka. Titabwerako kumanda, abale tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo malume anatulutsa bokosi la machesi lija. Anamasula mphira, anachotsa batire, anatulutsa Zambia n'kulowetsa Malawi. Atayatsa, kafoni kaja kanayamba. Ti-ti. Ti-ti. Ti-ti. Sikanasiye. Mauthenga onse amene anasowa kolowera masiku anayi aja ankafika tsopano, wina pambuyo pa mnzake, pamaso pa eni ake. Pilirani anayang'ana kumbali. Aphunzitsi a Sande sukulu anakumbukira kuti ali ndi kopita.

Malume anandipatsa foniyo.

"Werenga. Ndiwe wa sukulu."

Ndinawerenga. Uthenga wanga womwe, wa nkhani yofunika. Wakuti anayesa kukuimbirani. Wakuti anayesa kukuimbirani. Ndinatsika nawo mzerewo, Lachinayi, Lachitatu, mpaka ndinafika pansi. Pamenepo ndinasiya kuwerenga.

"Werenga," anatero malume.

Anali mauthenga awiri aja aulere, amene munthu wopanda mayunitsi amatumiza kupempha kuti umuimbire. Wina wa Lolemba, wina wa Lachiwiri. Nambala yake malume anaisunga ndi dzina limodzi lokha: Mlongo.

Agata anayamba kulira.

"Ankafuna akuuzeni okha kuti akudwala, malume. Foni ankagona nayo pamkeka. Ankati achimwene akaona andiimbira, sachedwa amene aja. Lachiwiri ine ndinati ndikwere njinga ndikakutengeni. Anandikaniza. Anati usavutike mwanawe, uthenga wapita."

Malume anatenga foni yawo, anaiyang'ana, anaibwezera m'thumba. Kenako anaphimba nkhope ndi chipewa chija, ndipo bambo amene sindinamuonepo akulira analira ngati mwana.

Mwina mukudikira ndikuuzeni kuti anataya bokosi la machesi m'chimbudzi. Sanataye. Loweruka anabwerera kuboda, chifukwa mtedza sudziwa maliro, ndipo wogula wa ku Chipata uja akuti akubwerabe. Nane masimu anga awiri ali momwemo. Simu ya malemu yatengedwa ndi Agata, ndiye ku ofesi ija ya ku Lilongwe a Nambewe akadali moyo, ndipo ndi olumikizana.

Chaka chamawa bambo wa mawu onona uja adzabweranso pawailesi kudzatiuza kuti manambala akweranso. Adzakhala akunena zoona, ndipo tidzaombe m'manja ndithu. Malume anga okha mwina adzakhala atafika anthu asanu ndi mmodzi.

Koma anthu asanu aja, mlongo wawo atawafuna masiku awiri, panalibe ndi mmodzi yemwe pakhomo.

Nanga inu, awerengi, ndinu anthu angati? Ndipo mlongo wanu akakufunani Lolemba likubwerali, apeza uti?